Makina a Sichali Akadali ku Australia

A Lazarus Sichali ankaliza mkonono woti ngakhale agalu a kwa aneba anauzolowera. Akazi awo a Emelda, omwe pa Chitipa anthu amangowatchula kuti a Nambeye, anatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri akugona chigongono chili chire. Mkonono pawokha sunali vuto, vuto linali ukasiya. Bambowo amati akaliza, akaliza, mwadzidzidzi zii, chifuwa osayenda, ngati wina wathimitsa injini. Apo a Nambeye ankawerenga chamumtima mpaka khumi, kenako n'kuwagunda m'nthiti. A Sichali ankadzidzimuka, kukoka mpweya mwaphuma, n'kutembenukira kukhoma. Kukacha ankakana kwamtuwagalu. "Ine mkonono? Mumalota inu."

Anali dalaivala wa lole pa kampani ina yogula nyemba ndi mpendadzuwa pa Boma, komanso mkulu wa mpingo. Munthu wa ulemu wake, wa jekete ngakhale kunja kukutentha. Ndiye tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, akuchokera ku Kaseye ndi matumba a nyemba, anasinza pachiwongolero, lole n'kukagona chammbali m'ngalande. Palibe anavulala. Koma nyemba zinamwazika msewu wonse, ndipo mkulu wa mpingo anatha masana onsewo atawerama, akutola ndi amayi a m'mudzimo, jekete ili paphewa.

Bwana wa pa depoti, Mayi Angela Chikaonda, mayi wa ku Zomba wosadziwa kuzungulira poyankhula, anawauza kuti akapume kaye. Mwamwayi nthawi yomweyo mwana wawo Towera, namwino ku Perth m'dziko la Australia, anali atachira mwana wamwamuna, ndipo anatumiza matikiti kuti makolo ake akaone mdzukulu. Nyumba za kumeneko makoma ake ndi opyapyala. Towera anamva mkonono uja usiku woyamba, anamvanso kuli zii pakati pake, ndipo sabata isanathe anali atawakokera bambo ake kuchipatala. Anawagoneka komweko atawamata mawaya. Zotsatira zinati pa ola lililonse a Sichali ankasiya kupuma maulendo oposa makumi anayi, ndiye chifukwa chake masana tulo tinkawaba ngati mbala.

Anabwerako ndi kachikwama kakuda. M'katimo munali makina opumira aakulu ngati wailesi, payipi yofewa, ndi masiki ya mphira ya malamba omanga kumutu. Makinawo amakankhira mpweya m'mphuno usiku wonse kuti kukhosi kusatsekeke. Towera anagulanso batire lake loti n'kutchajira ngakhale m'lole, podziwa kuti bambo ake chowiringula sachisowa. Ndipo m'mbali mwa makinamo munali kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, kolemba nthawi imene munthu wavala masiki, nthawi imene wavula, ndi mmene wapumira pakati pake.

Kakhadi kameneka ndi kamene kanawabwezera makiyi. Mayi Chikaonda anati, "A Sichali, ndikudziwa kuti chiwongolero ndicho moyo wanu. Koma sindikufuna maliro pa dzina la kampani ino. Miyezi itatu, usiku uliwonse, muzigona ndi makinawa. Kakhadiko azikawerenga a Msukwa. Pakapezeka pobooka, makiyi mubweza."

A Msukwa anali Vitumbiko Msukwa, dokotala wa kachipatala kake kuseri kwa msika, munthu wofatsa wa msinkhu wa Towera, woti akamapereka moni kwa akulu amagwira dzanja ndi manja awiri.

Mwezi woyamba a Sichali anangopatsidwa maulendo afupiafupi, ogona kunyumba, ndipo sanaphonye usiku ndi umodzi womwe. Kunena zoona, anamva kusintha. Mutu wam'mawa uja unatha, ndipo ulaliki ankaumva mpaka pa ameni. Mwezi utatha Vitumbiko anasindikiza pepala lochokera pa kakhadi n'kulitumiza ku ofesi, a Sichali n'kuitanidwa. Analowa akumwetulira. Anapeza Mayi Chikaonda ataimirira, magalasi ali kunsonga ya mphuno.

"Pepalali likuti Lachitatu lapitali munagona kuyambira fili koloko m'bandakucha mpaka leveni koloko m'mawa. Lachitatu lomwelo eyiti koloko munali pa sikelo ku Kaseye, ndinakuimbirani foni ndekha. Ndipo si tsiku limodzi, ndi mwezi wonse. Ndiye mundiuze, mumagona mukuyendetsa, kapena pepalali mwaphika ndi a Msukwa?"

A Sichali anatuluka thukuta la munthu wosalakwa, lomwe limawawa kuposa la wolakwa. Analumbira, anatchula mpingo, anatchula mdzukulu. Vitumbiko anaitanidwa, n'kubwera pa kabaza wa njinga yamoto laputopu ili kukhwapa. Anayang'ana pepala, anakanda mutu, kenako anayamba kuseka chamumtima mpaka mapewa kugwedezeka.

"Madamu, adada awa sakunama yayi. Kumene kuli a Towera dzuwa limatuluka maola sikisi lisanafike kuno. Makinawa anawatchera wotchi komweko. Eni ake anakwera ndege n'kubwera, wotchi n'kutsala. Akamagona naini koloko usiku wa Lachiwiri, makina akuti ndi fili koloko m'mawa wa Lachitatu."

"Ndiye ikonzeni wotchiyo."

"Ndikaibweza m'mbuyo, zonse zimene alemba zifufutika. Tiyeni miyezi itatuyi ithe kaye, tidzakonza komaliza."

Mayi Chikaonda anapepesa, chinthu chimene pa depotipo anthu anali asanachionepo, ndipo anawabwezera a Sichali ulendo wawo wakale wa ku Mzuzu, wopita Lachinayi lililonse n'kubwera Lachisanu. Nkhani inatulukira pawindo, n'kusanduka mwambi. Tiyi akachedwa, sikelo ikanama, wina akabwera ndi malaya otembenuza, anthu ankangoti, "Akadali ku Australia, ngati makina a Sichali." Eni ake ankaseka nawo. Koma tsiku lomwelo m'mutu mwawo munagwa kambewu koipa: pali pepala pano limene aliyense wavomereza kuti ndi losokonekera.

Ku Mzuzu madalaivala amagona anayi m'chipinda chimodzi kuseri kwa nkhokwe ya kampani. Ulendo woyamba a Sichali anapita nacho chikwama chija. Anadikira anzawo onse agone ndipo anavala masiki ngati akuba. Tsoka ilo, woyamba kudzuka anali Mackson Kayange, dalaivala mnzawo wa pakamwa posatseka, ndipo foni yake inali pafupi. Pamene a Sichali ankafika pa Chitipa, chithunzi chinali chitafika kale pa gulu la madalaivala: mkulu wa mpingo ali chagada, malamba kumutu, payipi ikulendewera kumphuno, pansi pake atalemba kuti Njovu ya ku Mafinga.

Za njovuzo akanazipirira. Chimene chinawathyola msana chinachitika Lamulungu, mapemphero atatha. Mkulu wa mpingo mnzawo anawatengera pambali, anawagwira dzanja nthawi yaitali, maso ali ndi misozi, n'kunena motsitsa mawu, "Pepani chomene, sitimadziwa kuti mwafika pa okosijeni. Kodi a Towera mwawauza kuti abwere?" Kumbuyo kwake amayi awiri ankawayang'ana ndi maso aja amene anthu amayang'anira munthu woti sadya chimanga chatsopano. A Sichali anamva manyazi kuyambira kuphazi mpaka kuliwombo. Anafika kunyumba osapereka moni kwa aliyense panjira.

Lachitatu madzulo, a Nambeye akuwapindira malaya a paulendo, a Sichali anayamba nkhani mozungulira ngati galu wofuna pogona.

"Anyina Towera, chinthu ichi chimangofuna mphuno. Sichidziwa kuti mphunoyo njandani."

A Nambeye anasiya kupinda. "Ndiye mukuti bwanji, awiske Towera?"

"Usiku umodzi pa sabata. Mungovala, mugone, kukacha muvule. Basi."

"Mukuti ndiname."

"Ndani wati muname? Kodi muyankhula ndi munthu? Ndi makina awa. Komanso nthawi yake njosokonekera kale, palibe angatole mutu wake."

Apa muyenera kuwadziwa a Nambeye. Anali mtsogoleri wa Umanyano, gulu la amayi a kumpingo, ndipo anali munthu woti akati kunja kukugwa mvula susuzumiranso pawindo. Amayi akakangana pa zamaliro kuti ndani ananena chiyani, ankatumiza munthu kukafunsa a Nambeye, nkhani n'kutha. Amuna awo ankanyadira zimenezi pagulu. Lero anali kuzibwereka ngati khasu.

"Nanga inu uko mupuma chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Usiku umodzi sungandiphe. Zaka zonsezi ndinkapuma chiyani?"

A Nambeye anaweramiranso ntchito yawo. Anamaliza kupinda malaya. Lachinayi m'mawa lole inanyamuka, kachikwama kakuda kali pansi pa bedi.

Akulu anati manyazi anapha lambe, ndipo a Sichali mwambiwu ankaudziwa bwino, ankauponyera achinyamata kumpingo. Masabata anayenda. Mackson ataona kuti njovu yasiya chitamba kunyumba, anaseka masiku awiri n'kupeza wina womuseka. Kutchalitchi anthu anayamba kunena kuti mapemphero agwira ntchito. Zonse zinaoneka kuti zakhala m'malo, kupatula nkhope ya a Nambeye. Masiki ija inali ya nkhope yaikulu ya amuna awo, ndiye kuti mpweya usamathawire m'mbali ankamanga malamba zolimba, mpaka pamwamba pa mphuno panatuluka kachilonda. Kamati kakayamba kuuma, Lachinayi lafika. Amayi a Umanyano akafunsa, a Nambeye ankangoyang'ana pansi osayankha. A Sichali akabwera Lachisanu ankapereka moni akuyang'ana nsapato zawo, n'kuyamba kufotokoza mwachangu za mtengo wa matimati pa Ekwendeni, za mvula ya ku Chiweta, chilichonse chopanda mphuno.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri wopanda makina, pobwerera, atadutsa Karonga n'kuyamba kukwera mapiri aja okhotakhota, cha m'ma teni koloko dzuwa likulowa pagalasi, zikope zinalemera. Anatsitsa windo. Anaimba nyimbo ya m'buku. Chimene anakumbukira kenako ndi kukuwa, ndipo atatsegula maso lole inali kudzanja la eni ake, kutsogolo kuli njinga yakapalasa itanyamula mayi wa mwana kumsana. Anapotoza chiwongolero ndi mphamvu zonse. Pagalasi lam'mbali anaona njinga ili m'tchire, wopalasa akudzuka n'kuloza kumwamba ndi manja onse awiri, mayi uja atakhala pansi akumasula mwana kuti amuone. Mwanayo ankalira, ndiye kuti anali moyo. A Sichali sanaime. Anakaima patali, pansi pa mtengo. Sanauze munthu.

Mungaganize kuti Lachinayi lotsatira anatenga chikwama. Anachitulutsadi pansi pa bedi, anachiika pakhomo, anachiyang'ana. Anakumbukira foni ya Mackson ndi maso a amayi aja. Anati patsala ulendo umodzi wokha, miyezi itatu ikwana, zikatero ndiyamba bwino. Anachibweza.

Tsiku lowerenga kakhadi komaliza linali Lolemba masana, mu ofesi ya Mayi Chikaonda. Vitumbiko anapempha kuti a Nambeye abwerenso, poti wogona naye ndiye amadziwa zimene wogona sadziwa. Anabwera atavala chitenje chatsopano ndi duku, n'kukhala pampando wa pafupi ndi chitseko, manja ali pamiyendo. A Sichali anaika makina patebulo pafupi ndi buku la maulendo, lija lolembamo nthawi yonyamuka ndi yofika, lomwe mlonda wa pachipata ku Mzuzu amadindamo chidindo.

Vitumbiko analowetsa kakhadi mu laputopu, ndipo nkhope yake inawala.

"Madamu, masiku makumi asanu ndi anayi mphambu awiri, palibe pobooka. Ine odwala anga mapiritsi a masiku asanu amawasiyira panjira. Adada awa ndi chitsanzo nadi."

"Ndanyadira, a Sichali," anatero Mayi Chikaonda. "Ndipo ndikupepesanso za tsiku lija."

Mawu okomawo anawagwera a Sichali ngati phala lamoto. Anangothokoza kuti yewo, ndi mawu a munthu wina.

"Chinanso chosangalatsa," anapitiriza Vitumbiko, akutembenuza laputopu kuti onse aone timizere. "Masiku ambiri mpweya ukumadukabe pang'ono, kawiri katatu pa ola, zomwe n'zabwinobwino. Koma pali mausiku eyiti amene sunaduke ngakhale kamodzi. Kupuma kwake kosalala, kofatsa. Makina akuti ndi Lachisanu m'mawa, ndiye tikachotsa maola sikisi aja ndi Lachinayi usiku, onse eyiti. Adada, mphepo ya ku Mzuzu ikukuyanjani. Mumadya chiyani kumeneko?"

Anaseka yekha. Mayi Chikaonda, amene sakhulupirira chabwino asanachitembenuze, anakoka buku la maulendo n'kutsegula.

"Tachotsani maola sikisiwo pa nthawi yovula masiki, Lachisanu lapitali."

"Makina akuti hafu pasiti leveni. Ndiye kuti hafu pasiti faifi m'mawa."

"Bukuli likuti lole inatuluka pachipata ku Mzuzu folo koloko. Lachisanu linalo?"

"Hafu pasiti faifi."

"Apa folo koloko. Linalo?"

Onse eyiti anali chimodzimodzi. Hafu pasiti faifi ndi nthawi imene a Nambeye amadzuka kukasesa pabwalo, chikwatiwire. A Sichali ankayesa kuti wotchi yolakwika ndi wotchi yamisala, yoti lero inena ichi mawa icho. Sanaganize kuti iyi imalakwa mokhulupirika, maola sikisi omwewo tsiku ndi tsiku, moti mwana wa Sitandade 4 akhoza kuichotsera n'kupeza choonadi.

Koma Vitumbiko anali munthu woleredwa bwino. Pakati pa kukayikira mkulu wa mpingo ndi kukayikira masamu ake, anasankha masamu. Anawerenga ndi zala. Anatsegula foni kuona nthawi ya ku Perth. Thukuta linayamba kumutuluka iyeyo.

"Mwina ndalakwitsa ndine, Madamu. Maiko ena amasuntha wotchi nyengo ikasintha, kaya uku amatero. Kapena batire likachepa mphamvu wotchi imathamanga. Makina oti awoloka nyanja, sindingawaikire kumbuyo pa ola limodzi ndi theka. Munthu sangayendetse lole atavala masiki, ali m'tulo."

Khomo linali pululu. Chimene a Sichali ankafunika kuchita ndi kungoseka n'kunena mawu aja a pa depoti, akuti makina akadali ku Australia, onse akanaseka, makiyi n'kukhala m'thumba. Mawuwo anafika mpaka pamilomo.

Mayi Chikaonda anatseka buku. Anavula magalasi n'kutembenukira kuchitseko.

"Zamawotchizi zandikwana. Mayi Nambeye, inu mawu anu pa Chitipa pano ndi chidindo. Ndinu mumawalongedzera bambowa. Mungondiuza kamodzi, nkhani ithe. Makinawa amapita nawo ku Mzuzu ulendo uliwonse?"

Panja wina ankakoka thumba pa simenti. A Nambeye anayang'ana amuna awo, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi iwiri a Sichali anawayang'ana kumaso osathawa. Anaona kachilonda kaja pamwamba pa mphuno, kofiira m'mbali. M'masomo munalibe mkwiyo, ndipo ndicho chinawawa kwambiri. Mayiwo anakonza duku lomwe linali lokhala kale bwino, n'kuyang'ana pakhoma pamwamba pa mutu wa bwana.

"Madamu," anayamba, "Lachinayi lililonse, ine ndimatenga chikwamacho, n'kuchi..."

"Basi, anyina Towera."

A Sichali sanakuwe. Anaimirira, mpando n'kukhuluka kumbuyo. Mayi ameneyu anali atasunga pakamwa pake zaka zonsezi, ndipo anali pafupi kupataya masana ano, mu ofesi yonunkha nyemba, chifukwa mwamuna wake anaopa kusekedwa ndi Mackson. Manyazi a chithunzi chija anaoneka aang'ono ngati nyerere.

"Masamu anu ali bwino, adokotala. Musawavutitse. Mausiku eyiti amenewo makina anali kunyumba. Amene ankapumayo ndi awa. Ndinawatuma ndine."

Vitumbiko anayang'ana timizere tija, anayang'ana mphuno ya a Nambeye, n'kugwetsa maso ngati walakwa ndiye. A Sichali anaona kuti poti ayamba kutsitsa katundu, bola atsitse yense. Anafotokoza za mapiri a ku Karonga, za njinga, za mayi wa mwana kumsana, ndi zoti sanaime. Pofika pamenepo a Nambeye anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje, poti iyi anali kuimva koyamba. Atamaliza anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa makiyi a lole, n'kuwaika pamwamba pa buku la maulendo.

Mayi Chikaonda anawayang'ana makiyiwo nthawi yaitali.

"Tsiku lija ndinakupepesani pamaso pa anthu," anatero. "Lero ndapepesanso kachiwiri. Mwandipusitsa, a Sichali." Anatsegula dirowa, anaponyamo makiyi, n'kutseka. "Mukanakhala chete bwenzi Lachinayi mukupita ku Mzuzu, ndikudziwa. Chifukwa cha chimenecho sindikuchotsani ntchito. Kuyambira mawa muli pa sikelo, kuyeza matumba. Lole atenga a Kayange. Za chiwongolero musandifunse chaka chino. A Msukwa, konzani wotchiyo tsopano, ndikuona."

Vitumbiko anadina mabatani awiri nthawi imodzi, anapotoza kagudumu, makina n'kufunsa ngati akutsimikiza kuti zonse zifufutike. Anavomera. Miyezi itatu inapita m'kuphethira kwa diso, yoona ndi yabodza yomwe. Pagalasi la makina panaoneka nthawi yofanana ndi ya wotchi ya pakhoma, teni pasiti fili.

"Afika kwawo tsopano," anatero Vitumbiko chapansipansi. Palibe anaseka.

Potuluka a Nambeye anatambasula dzanja kuti anyamule chikwama monga mwa masiku onse, koma amuna awo anachikoleka paphewa pawo. Polongedza mofulumira zipi sinatsekeke, ndipo payipi inkalendewera kunja, ikumenya jekete. Madalaivala anali pamthunzi pafupi ndi chipata. Mackson anaiona payipiyo, anatsegula pakamwa, anaona nkhope za awiriwo, n'kuyamba kufunafuna kanthu m'foni mwake. A Sichali sanaibise. Anadutsa nayo pachipata, anadutsa pa siteji ya minibasi, anadutsa pamsika pomwe amayi a tomato ankapereka moni kwa a Nambeye maso ali pa chikwama.

Anayenda mpaka nyumba zinayamba kutalikirana, msewu n'kusanduka kanjira ka pakati pa chimanga. A Sichali anali ndi mawu ambiri okonzeka, onse osakwanira. Pomaliza anangoti, "Ndakuchititsani manyazi, anyina Towera. Pepani."

A Nambeye anayendabe pang'ono asanayankhe.

"Adokotala aja anadabwa kuti mausiku eyiti mpweya sunaduke," anatero. "Ukanaduka bwanji? Munthu ali maso mpweya suduka."

A Sichali anaima. "Simunkagona?"

"Ndigone bwanji? Ndinkavala naini koloko monga munanenera, n'kugona chagada, chinthucho chikundiuzira mphepo. M'nyumba muli zii. Zaka zonsezi kukati zii ndimadziwa chochita. Ndiye ndinkangowerenga mpaka khumi, n'kuyambiranso, mpaka kucha. Ndikuti uko ku Mzuzu asiya kupuma tsopano, ndipo pafupi pawo pali a Kayange, amene sadziwa n'kuwerenga komwe."

Ananena zimenezi mopanda kudandaula, ngati akufotokoza za mbewu imene sinamere. Kenako anapitiriza ulendo. A Sichali anatsala ataima pakanjirako, lamba wa chikwama akuwadya paphewa, akuyang'ana chigongono cha akazi awo chikugwedezeka poyenda. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ankadzuka m'nthiti mukupweteka, n'kumati ndi matiresi.